Gogo wa m'sewero akhale ndi dzina

M'zisudzo zathu zambiri, kaya ndi pa wailesi, pa kanema kapena pa bwalo la sukulu, muli munthu mmodzi amene tonse timamudziwa asanatsegule n'komwe pakamwa. Ndi gogo wowerama, wovala chitenje chong'ambika, ndodo kumanja, ufa kumutu kuti zioneke ngati imvi. Akangotulukira anthu amayamba kuseka, ena n'kumakuwa kuti mfiti ija yafika. Sewero likamatha zimapezekadi kuti ndi iyeyo amene wakhala akutha ana m'mudzimo. Amamugwira, kumukwapula, kumupirikitsa, ife n'kuomba m'manja, kubwerera kwathu mitima ili mbee.

Sabata ino ndati tikambirane za gogo ameneyu. Ndikulemba ndili kuno ku Matandani, m'boma la Neno, boma limene dzina lake lidamveka mpaka ku ofesi ya United Nations yoona za ufulu wa anthu mu 2016, pa nkhani yosaseketsa. Mu Januwale chaka chimenecho, m'mudzi wa Chimbalanga kwa Mfumu Yaikulu Dambe, mphenzi idapha mtsikana wa zaka 17. Misozi isanaume, chigulu cha anthu chidagwira okalamba anayi a banja limodzi n'kuwamenya mpaka kuwapha, powaganizira kuti ndiwo adatumiza mphenziyo. Mudzi umodzi udakumba manda asanu.

Nkhani ngati imeneyi timakonda kuisiyira apolisi, mafumu ndi mabungwe. Koma ine funso langa likupita kwa ochita zisudzo, aphunzitsi oyang'anira makalabu a masewero ndi achinyamata a m'mipingo amene amatisangalatsa pa misonkhano: kodi gawo lanu ndi lotani? Anthu amene adayankhapo funso limeneli mondigwira mtima ndi amayi ena akuda a ku America, amene zaka zoposa 100 zapitazo adalemba masewero okhudza abale awo ophedwa ndi magulu a azungu.

Wina afunsa kuti America ikukhudzana bwanji ndi Neno, kumene ngakhale ulendo wa ku Blantyre m'dzinja umakhala nkhani. Ubale ulipo, ndipo ndi wakale. Mishoni ya Matandani, imene idatsegulidwa mu 1908, ndi mphukira ya Malamulo ku Thyolo. Amene adagwira ntchito ya zaka zoyambirira ku Malamulo, pomwe malowo ankatchedwa Plainfield, anali Thomas Branch, munthu wakuda wochokera ku America, amene adafika mu 1902 ndi mkazi wake Henrietta komanso ana awo. Mwana wawo wamkazi, Mabel, ankaphunzitsa sukulu pamenepo. Ku Chiradzulu nako, ku mishoni ya PIM, kudabwera Landon Cheek ndi Emma DeLany, nawonso akuda a ku America, kudzathandiza John Chilembwe. Anthu amenewa ankachokera m'dziko limene munthu wa khungu ngati lawo ankatha kupachikidwa pa mtengo dzuwa likuswa mtengo, wopha osamangidwa.

Chilembwe mwiniwake adakaliona dzikolo ndi maso ake. Adapita ku America ndi Joseph Booth mu 1897 n'kukaphunzira za ubusa mumzinda wa Lynchburg, ku Virginia, asanabwerere mu 1900. Mzindawu udatenga dzina kwa John Lynch amene adauyambitsa. Mbale wake, Charles Lynch, ankalanga anthu mosatsata njira za khoti pa nthawi ya nkhondo yomenyera ufulu wa America, ndipo olemba mbiri ambiri amati liwu lakuti lynching lidachokera pa dzina lake. Tanthauzo lake ndi ili: chigulu cha anthu kugwira munthu amene chikumuganizira mlandu n'kumupha poyera, osamuzenga.

Sukulu ya ukachenjede ya Tuskegee, ku Alabama, inkasunga kaundula wa imfa zimenezi. Kuyambira 1882 mpaka 1968 idawerenga anthu 4,743 ophedwa motere, ndipo 3,446 mwa iwo anali akuda. Bodza limene linkafalitsidwa linali lakuti ophedwawo ndi amuna ogwirira akazi achizungu. Mtolankhani wina wachikuda, Ida B. Wells, adalivula bodzali. Mu 1892 anzake atatu amene anali ndi golosale mumzinda wa Memphis adaphedwa, chikhalirecho tchimo lawo lenileni linali kulanda makasitomala a mzungu wa golosale yoyandikana nayo. Wells adayamba kufufuza imfa imodzi ndi imodzi, n'kupeza kuti ambiri sankawanenera n'komwe mlandu wogwirira. Ena adafera kukangana pa malipiro, ena kufuna kuvota, ena kungolemera.

Kupha kumeneku kunali chionetsero. Mu Meyi 1916, mumzinda wa Waco ku Texas, mnyamata wa zaka 17, Jesse Washington, adaotchedwa pamaso pa anthu oposa 10,000, ndipo zithunzi zake zidagulitsidwa ngati makadi otumizirana pa positi. Komanso zisudzo zomwe zidathandiza kukoleza motowo. Chilembwe adaphedwa pa 3 Febuluwale 1915, ndipo patangopita masiku asanu, mumzinda wa Los Angeles mudaonetsedwa koyamba filimu ya D. W. Griffith yodziwika ndi dzina lakuti The Birth of a Nation. Filimuyi inkaonetsa mwamuna wakuda ngati chilombo cholusira akazi achizungu, ndipo gulu lakupha la Ku Klux Klan inkalionetsa ngati apulumutsi. Idaonetsedwa mpaka kunyumba ya pulezidenti Woodrow Wilson. Chaka chomwecho chisanathe, gulu la Klan, limene linali litazilala, lidadzukanso ku Georgia.

Apa ndi pamene amayi aja adatenga zolembera. Woyamba anali Angelina Weld Grimké, mphunzitsi wa sekondale mumzinda wa Washington. Sewero lake, Rachel, lidaonetsedwa mu Malichi 1916 pa sukulu ina yophunzitsa aphunzitsi mumzindamo, mothandizidwa ndi bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda la NAACP. Lonse limachitikira m'nyumba ya mayi wina wamasiye, telala, amene akulera ana ake awiri, Rachel ndi Tom. Tsiku lina mayiyu akuulula chinsinsi chimene wasunga zaka 10: bambo awo, amene anali mkonzi wa nyuzipepala, adaphedwa ndi chigulu cha azungu chifukwa cholemba zodzudzula kuphedwa kwa munthu wina, ndipo mwana wake wamkulu, George, adafa naye limodzi pofuna kumuteteza. Rachel ndi mtsikana wokonda ana koposa. Koma ataona kamnyamata kamene akukalera kakubwera kuchokera kusukulu katatukwanidwa ndi kugendedwa chifukwa cha khungu, akukana banja n'kulumbira kuti sadzabereka mwana woti adzazunzike chotere.

Anthu ena akuda omwe adakwiya nalo seweroli, amvekere likulimbikitsa mtundu kuti udzithe wokha. Grimké adafotokoza kuti cholinga chake chinali kufikira mitima ya amayi achizungu, poti ululu wa mwana mayi aliyense amaudziwa.

Mu 1919 mphunzitsi mnzake, Mary Burrill, adatulutsa Aftermath. M'menemo msilikali wakuda akubwerera kwawo ku South Carolina kuchokera kunkhondo ku France, mendulo ili pachifuwa. Mlongo wake wakhala akumubisira m'makalata kuti bambo awo adaotchedwa atakangana ndi mzungu pa mtengo wa thonje. Mayi wina woyandikana nawo akuphulitsa nkhaniyo mosadziwa, ndipo msilikaliyo akutenga mfuti n'kutuluka usiku womwewo. Funso lake ndi lomwe Chilembwe adafunsa m'kalata yake ku nyuzipepala ya Nyasaland Times chakumapeto kwa 1914: munthu wakuda aferenji pa nkhondo ya dziko limene silimuwerengera?

Koma sewero limene ndikufuna muliganizire kwambiri ndi la Georgia Douglas Johnson, lotchedwa A Sunday Morning in the South, la mu 1925. Ndi Lamulungu m'mawa. Gogo wina, Sue Jones, akukonzera adzukulu ake awiri kadzutsa. Kutchalitchi choyandikana nawo kukumveka nyimbo. Mdzukulu wamkulu, Tom, wa zaka 19, akunena kuti akufuna kudzaphunzira za malamulo kuti athandize kusintha zinthu. Mwadzidzidzi apolisi akulowa ndi mtsikana wachizungu amene adachitidwa chipongwe dzulo lake. Mtsikanayo akukayikakayika, koma apolisi akumuumiriza mpaka akuvomera kuti akufanana naye. Gogo akulumbira kuti mwanayo adagona m'nyumba usiku onse, koma palibe womumvera. Akutumiza uthenga kwa mayi wina wachizungu amene adamulera ali khanda kuti athandize. Thandizo lisanafike, uthenga ukubwera wakuti Tom waphedwa kale panjira. Gogo akugwa pomwepo, nyimbo kutchalitchi kuja zikupitirira.

Johnson yemweyo adalembanso Safe, m'mene mayi woyembekezera akumva mnyamata akukokedwa mumsewu akuitana amayi ake. Usiku womwewo akubereka mwana wamwamuna, ndipo chifukwa cha mantha akumupha ndi manja ake, poganiza kuti akumupulumutsa.

Taonani chimene amayiwa adachita. Nkhani yawo inali ya chingwe, mtengo ndi moto, koma m'masewero onse ndatchulawa mulibe pamene munthu akuphedwa anthu akuona. Kuphako kumachitikira kuseri, kapena kudachitika kale. Chimene woonera akuona ndi tebulo, mbale za kadzutsa, makina osokera, Baibulo, ana akusereulana. Amayiwa adazindikira kuti opha aja ankafuna dala kuti anthu aonerere thupi likuzunzika, ndiye kulionetsanso pa siteji kukadangokhala kuwathandiza ntchito. Chimene chigulu chinkabisa ndi chakuti wophedwayo anali mwana wa munthu, wokhala ndi dzina, wokonda chakudya chakutichakuti, amene m'mawa womwewo amaseka ndi mng'ono wake. Iwo adaonetsa chobisidwacho. Ukakhala mphindi 20 m'khitchini mwa gogo Sue, sungamvenso liwu lakuti chilombo n'kulikhulupirira.

China n'chakuti masewerowa sankalira ndalama. Ambiri anali afupiafupi, a anthu ochepa, ofuna tebulo ndi mipando basi. Nyumba zikuluzikulu za zisudzo sizinkawafuna, ndipo ngakhale pulogalamu ya boma yothandiza zisudzo ya m'ma 1930 idalandira masewero a Johnson okhudza kuphaku koma osawaonetsa. Choncho ankawerengedwa m'magazini, m'nyumba za anthu, m'masukulu ndi m'matchalitchi. M'zaka za m'ma 1920 W. E. B. Du Bois, mkonzi wa magazini ya The Crisis, adayambitsa gulu la Krigwa Players limene linkasewera m'chipinda chapansi cha laibulale ina ku Harlem. Mfundo zake zinali zinayi: sewero linene za anthu akudawo, lilembedwe ndi iwo eni, likhale la iwo eni, ndipo lichitikire pafupi ndi kumene amakhala. Mfundo zimenezi zingagwire ntchito pa bwalo la sukulu ya pulayimale iliyonse kuno ku Neno popanda kusinthapo kanthu.

Tsono tisafulumire kunena kuti za ku America ndi zathu n'chimodzimodzi. Kumeneko unali mtundu umodzi ukuopseza mtundu wina kuti usadzutse mutu, nthawi zambiri apolisi ndi oweruza akuyang'ana kumbali kapena kuthandizira kumene. Nkhanza za mtundu umenewo ifenso tidazilawa pa thangata ndi chikoti m'minda ya atsamunda, komanso pa kunyongedwa kwa otsatira a Chilembwe mu 1915. Za lero n'zosiyana: wopha ndi wophedwa amamwa madzi a pachitsime chimodzi, ndipo kawirikawiri amakhala a magazi amodzi. Koma anyani amasekana zikundu. Tikamawerenga za Waco n'kupukusa mitu kuti azunguwo anali ankhanza, tikumbukire kuti mu Malichi 2016 ku Nsanje anthu 7 adaotchedwa powaganizira kuti amachita malonda a mafupa a anthu. Tikumbukire za anamapopa mu 2017, mphekesera imene idayambira ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo, Chiradzulu mpaka Blantyre, n'kuphetsa anthu osachepera 8. Masiku ano sitigulitsa makadi a pa positi, koma timajambula pa foni n'kutumizirana pa WhatsApp.

Ukayang'anitsitsa, kayendedwe kake n'kofanana. Poyamba pamagwa tsoka lenileni: mwana wafa, katundu wabedwa, mtsikana wachitidwa chipongwe. Kenako pamabwera liwu limodzi limene limamuchotsa munthu pa mndandanda wa anthu. Kumeneko linali la chilombo chogwirira, kuno ndi mfiti, namapopa kapena mbava. Liwulo silimatidwa pa munthu wamphamvu. Simudzamva kuti chigulu chagwira mwini galimoto zitatu amene ana ake ndi maloya. Limagwera wamasiye, wokalamba amene mutu wayamba kuiwalaiwala, wodwala khunyu, mlendo wosadziwa njira, kapena gogo amene munda wake wina akuusirira. Zikatha, mudzi wonse umakhala chete. Ku America ofufuza imfa ankalemba kuti munthuyo waphedwa ndi anthu osadziwika, chonsecho nkhope zawo zili pa zithunzi. Kuno apolisi akafika amapeza aliyense anali kumunda.

Liwu limene lija silimera lokha tsiku la maliro. Limakhala litabzalidwa kale, ndipo ena mwa alimi ake ndi ife a zisudzo ndi oonera. Mwana amene kuyambira ali sitandade 1 wakhala akuona gogo wa m'sewero akugwidwa ufiti n'kukwapulidwa anthu akuseka, pofika zaka 20 waphunzira kale mbali yake. Tsiku limene mphenzi idzagwe, safunanso womuuza chochita. Filimu ya Griffith idagwira ntchito yomweyi kwa azungu a ku America, kungoti iyo idachita ndi ndalama zambiri.

Sindikufuna tikangane lero ngati ufiti ulipo kapena kulibe, poti mkangano umenewo sutha ndi tsamba limodzi. Koma pali zinthu ziwiri zosafuna mkangano. Choyamba, Januwale ndi pakati pa dzinja, kuno n'kumapiri, ndipo mphenzi imakonda malo okwera, mitengo yoima payokha ndi munthu amene ali pa mtetete. Imapha ng'ombe, imapha mbuzi, imang'amba mitengo ya m'tchire imene ilibe mdani. Chachiwiri, lamulo lokhudza za ufiti la mu 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, kumwetsa mwabvi komanso kuitana wolosera mfiti m'mudzi. Ndipo kupha munthu ndi mlandu wakupha, kaya opha anali awiri kapena mudzi wonse. Ngakhale amene amakhulupirira ufiti ndi mtima wake wonse sangatsutse kuti chigulu chikalakwitsa munthu, kulibe apilo kumanda.

Luso lochitira zimene ndikupemphazi tili nalo. Dziko lino lidabereka Du Chisiza Jnr ndi Wakhumbata Ensemble Theatre, amene ankanena pa siteji zimene ena ankaopa kunong'ona. Lidabereka Kwathu Drama Group, Izeki ndi Jakobo, Kapalepale, Sewero la Sabata Ino, Tikuferanji ndi Zimachitika. M'zaka za m'ma 1980 aphunzitsi a ku Chancellor College, monga Chris Kamlongera ndi David Kerr, ankatenga ophunzira awo kupita nawo kumidzi kukapanga masewero pamodzi ndi eni mudzi, sewero n'kumaima pakati kuti oonera anenepo maganizo awo. Njira imeneyi tidaigwiritsa ntchito pa nkhani za zimbudzi, katemera ndi Edzi, ndipo idathandiza kuti zinthu zimene zinali zochititsa manyazi ziyambe kukambidwa pabwalo. N'chifukwa chiyani pa nkhani ya magazi a okalamba tikungokhala ngati sitikuona?

Ndikadakhala ndi kalabu ya zisudzo, ndikadapempha ana kuti tipange sewero lotere. Pakhonde pa nyumba yaudzu, m'mawa. Gogo akuphika phala. Tim'patse dzina, mfunda ndi mbiri: adabereka ana asanu ndi awiri, adaika anayi, ndipo ndi iye amene adalandira theka la ana a m'mudzimo pobadwa. Akulera mdzukulu amene mayi ake ali ku Joni, ndipo akuwerengera ndalama za mbatata ya kachewere kuti zikwane fizi ya mayeso. Akhale munthu weniweni, wokhala ndi zofooka zake: wolongolola, wokana kubwereketsa mchere, amene adakanganapo ndi mlamu wake pa malire a munda. Kuseri kukumveka nyimbo za maliro. Mnzake wa kumpingo akubwera mwakachetechete kudzamuuza kuti kusiwa kuja dzina lake layamba kutchulidwa. Gogo akuseka, amvekere ana onsewa ndidawasambitsa ndine. Nyimbo zija zikusiya. Phokoso likuyandikira. Mdzukulu akuzindikira mawu a amalume ake pakati pa chigulucho.

Apo sewero liime. Wina atembenukire kwa oonera n'kufunsa: a mfumu, mukadakhala inu mukadatani? Abusa, nanga inu? Inu a komiti ya chitetezo cha m'mudzi, foni ya apolisi muli nayo? Iwe mnyamata wakhala kutsogoloyo, mwala uli kale m'manja mwa mnzako, unena chiyani? Anthu ayese kumupulumutsa gogoyo pomwepo, pabwalo, pamene kulephera sikupha munthu. Chigulu chimadalira kuti aliyense aziganiza kuti ndi iye yekha amene akukayika. Munthu amene adaimirirapo kamodzi pa sewero n'kukana, anzake akumuona, savutika kwambiri kuimiriranso tsiku lenileni.

Ndipo ngati sewero lipitirire mpaka kumapeto oipa, chibonga chisaoneke. Chioneke ndi mphika wa phala uja utazizira, ndi mwana amene sakudziwa kuti agona kwa yani. Mayi woferedwa uja nayenso asasandutsidwe chilombo, chifukwa chisoni chake n'chenicheni, ndipo amene adachigwiritsa ntchito molakwika ndi amene sewero liyenera kuwafunsa. M'chinenero chathu mdzukulu ndi mwana wa mwana wako, komanso adzukulu ndi amene amakumba manda. Wolemba waluso sangasowe chochita ndi liwu limeneli.

Ndikudziwa ena ati uku n'kutosa zilonda, makamaka kuno kumene mabanja okhudzidwa akadali moyo. Nkhawa imeneyi ndi yomveka, ndipo n'chifukwa chake sewero lisatenge nkhani ya banja lenileni kapena maina ake. Grimké ndi Johnson nawo adapeka mabanja awoawo. Koma chilonda chobisidwa m'nsanza sichipola. Ena ati anthu amabwera ku zisudzo kudzaseka. Asekedi, ndipo gogo wathuyo akhale woseketsa kuposa onse, kuti pamene phokoso lija likuyandikira, oonera akhale atamukonda kale.

Enanso afunsa ngati masewero a amayi aja adaletsadi kupha. Paokha ayi. Bilu yoletsa lynching imene phungu Leonidas Dyer adabweretsa idadutsa m'nyumba yaing'ono ya malamulo mu 1922, koma aphungu a kumwera adaitsekereza ku Senate. Chaka choyamba chimene a Tuskegee sadalembe imfa ngakhale imodzi chinali 1952, ndipo patangopita zaka zitatu mnyamata wa zaka 14, Emmett Till, adaphedwa ku Mississippi. Lamulo la dziko lonse lotchula lynching ngati mlandu, limene lili ndi dzina la mnyamatayu, lidasainidwa ndi pulezidenti Joe Biden mu Malichi 2022, patatha zaka 106 chionetsedwereni Rachel. Mutu umodzi susenza denga: padafunika atolankhani, maloya, abusa ndi anthu oguba m'misewu. Gawo la amayi olembawo linali kusunga umunthu wa ophedwa pa nthawi imene nyuzipepala zambiri zinkawatcha zilombo, ndi kuphunzitsa ana akuda kuti bambo awo sadafe chifukwa anali oipa. Kwathu kunonso apolisi afike msanga, makhoti aweruze, mafumu aleke kuitana olosera. Koma wapolisi amafika moto utayaka kale, pamene sewero limafika mwana asanatole mwala.

Makolo adati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Lero moto tikuuyatsa pa iwo omwewo. Choncho pempho langa kwa aphunzitsi a makalabu a zisudzo ku Matandani, ku Neno boma, ku Ligowe, ku Lisungwi mpaka ku Zalewa, komanso kwa atsogoleri a achinyamata m'mipingo ndi m'mizikiti, ndi laling'ono. Mwana akabwera ndi sewero limene muli gogo wa ufa kumutu, musamukanize. Mungomufunsa kuti gogoyu dzina lake ndani, adabereka ana angati, ndipo m'mawa uno wadya chiyani. Akalephera kuyankha, mutumeni akacheze ndi agogo ake enieni, abwerenso sabata yamawa adzalembe bwino.